Kakapu kakang'ono, khofi wamphamvu: dziwani makina a espresso

Mwana wanu wapeza ntchito ku loji ina m'mbali mwa nyanja kuno ku Nkhotakota, kapena m'nyumba ya bwana ku Lilongwe. Tsiku loyamba amulozera makina onyezimira m'khitchini, amvekere: "Tipangire espresso." Ambiri manja amanjenjemera pamenepo, poopa kuwononga chinthu chodula n'kuchotsedwa ntchito. Koma inu amayi a kwa Mwadzama, amene mumasinja ndi kusefa tsiku ndi tsiku, nzeru ya makinawa singakuvuteni, ndipo mukhoza kumufotokozera mwanayo asananyamuke.

Espresso ndi khofi wochepa, wokwana masupuni aakulu awiri okha, koma wamphamvu zedi. Kapangidwe kake kanachokera ku Italy, kumene Angelo Moriondo wa ku Turin analembetsa makina ake mu 1884.

M'makina a panyumba muli zinthu zinayi: thanki ya madzi, pampu ya magetsi, chotenthetsera madzi ndi kasefa kachitsulo kokhala ndi chogwirira. M'kasefamo mumathira magalamu 7 mpaka 9 a khofi wogaya, n'kutsindira bwino. Mukadina batani, pampu imakoka madzi m'thanki, chotenthetsera chimawafikitsa pa madigiri 90 mpaka 96, ndiye kuti atsala pang'ono kuwira. Kenako pampu imawakankha kuti adutse m'khofi wotsindirayo ndi mphamvu yoposa kanayi ya mpweya wa m'tayala la galimoto yaing'ono. Pakatha masekondi 25 mpaka 30, khofi wapsa, pamwamba pali kathovu kofiirira.

Chinsinsi chagona pa kagayidwe. Mukudziwa mmene mvula imalowera msanga mumchenga wa kunyanja, pamene pa dothi la makande madzi amangoima. N'chimodzimodzi apa. Khofi akakhala wamiseremisere, madzi amangodutsa, ndipo chotuluka chimakhala chamadzimadzi ndi chowawasa. Akasalala kwambiri, madzi amangodontha, khofi n'kuwawa ngati mankhwala. Woyenera ndi wofanana ndi mchere wosalala wa m'paketi.

Muuzeninso mwanayo zinthu zitatu. Asayatse makina m'thanki mulibe madzi, chifukwa pampu imawonongeka. Asachotse kasefa madzi akutuluka, ndipo asamale ndi kapaipi ka nthunzi kotenthetsera mkaka, pakuti nthunzi imawotcha koopsa. Chachitatu, madzi a m'mijigo ina amasiya zoyera zija mumaziona pansi pa ketulo, ndipo zimenezi zimatseka timapaipi ta m'kati. Choncho makina amafuna madzi abwino ndi kutsukidwa kawirikawiri.

Nanga pa thanzi? Mu khofi ndi tiyi muli kafeini, amene amachotsa tulo ndi kuthamangitsa mtima. Kakapu kamodzi ka espresso kali ndi mamiligalamu pafupifupi 60. Bungwe la World Health Organization limalangiza amayi oyembekezera amene amapitirira mamiligalamu 300 pa tsiku kuti achepetse. Komanso khofi ndi tiyi zimalepheretsa thupi kuyamwa bwino ayironi, amene amathandiza kupanga magazi. Musamwere tiyi kapena khofi mapiritsi owonjezera magazi a kusikelo, ndipo mukadya nsima dikirani ola limodzi musanamwe.

Khofi amene amathiridwa m'makinawa amalimidwa konkuno ku Malawi: kumapiri a Misuku, ku Thyolo, ngakhale kwa anansi athu ku Ntchisi. Mwana wanu akadzaima patsogolo pa makina aja asadzachite mantha. Adzakumbukire mchenga ndi makande.