Kodi Mumadziwa? Tsogolo la Kafue Linkakambidwira ku Washington

Tauni ya Kafue, yomwe ili kumwera kwa Lusaka, inakula chifukwa cha mafakitale a boma. Pa nthawi ya Pulezidenti Kenneth Kaunda, bungwe la boma la INDECO linamanga kumeneku fakitale ya nsalu ya Kafue Textiles, ndipo mu 1970 fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba kugwira ntchito. Anthu ankachokera m'zigawo zonse kudzafuna ntchito.

Mtengo wa kopa utagwa m'zaka za m'ma 1970, ngongole zinamanga Zambia manja. IMF ndi Banki Yadziko Lonse, omwe malikulu awo ali ku Washington, anaika mfundo zawo: boma lichotse sabuside, ligulitse makampani ake, litsegule malire a malonda. Boma la Frederick Chiluba, lomwe linalowa mu 1991, linatsatira mwachangu. Salaula ndi nsalu zotchipa zakunja zinadzadza m'misika, Kafue Textiles inafooka mpaka kutsekedwa, ndipo ogwira ntchito ambiri anadikira ndalama zawo kwa zaka. Chopweteka n'chakuti anthuwa sanafunsidwe n'komwe.

Lero mphamvu pa chuma cha Zambia zasuntha. Damu la magetsi la Kafue Gorge Lower, la mamegawati 750, linamangidwa ndi Sinohydro ya ku China. Zambia italephera kubweza ngongole mu 2020, komiti ya mayiko oikongoza inatsogoleredwa ndi China ndi France, ndipo mgwirizano wokonzanso kabwezedwe ka ngongole ya madola 6.3 biliyoni unalengezedwa ku Paris mu 2023.