Munda Ngwa Yani kwa Mkhumba?

Kuno kwa Mkhumba kumafika alendo onyamula mapepala, kudzafufuza za makhalidwe athu. Funso lao loyamba ndi ili: mutu wa banja ndani? Anthu aloza bambo, iwo nalemba dzina lache, napita. Koma ife Alomwe titsata chikamwini. Bamboyo ndi mkamwini. Munda umene alima ngwa mkazi wache, ndipo pa mlandu wa ana alankhula ndi malume ao.

Alipo ena amene sanafulumire chotero. J. Clyde Mitchell anakhala pakati pa Ayao kuyambira 1946 kufikira 1949, nalondola makolo a anthu nyumba ndi nyumba, naona kuti mudzi umangika pa akazi apachibale ndi mlongo wao wowasunga. Mai Pauline Peters anayamba ku Zomba m'chaka cha 1986, nabwerera ku mabanja omwewo zaka zambiri, napeza kuti minda ipita kwa ana aakazi.

Tsono popeza lamulo la 2016 lilola kulembetsa malo a makolo, wofunsa ayambe wapita kwa mfumu, akhale pamphasa, amve kwa agogo aakazi. Munda ukalembedwa m'dzina la mkamwini yekha, tsiku lotha ukwati mkazi ndi ana ache adzatsutsana ndi pepala.