Mnzako akapsa ndevu: zomwe Sara anatiphunzitsa

Teremu yathayi mtsikana wina wa Fomu 2 pasukulu yomwe ndimaphunzitsa kuno ku Lisungwi anayamba kujomba Lachisanu lililonse. Aphunzitsife sitinatolepo kanthu, makolo ake nawonso ankangoti mwana ali kusukulu. Amene ankadziwa zoona ndi anzake anayi. Atatu ndiwo ankamuperekeza ku Zalewa, komwe kumaima mathiraki ochokera kuchipata cha Mwanza, n'kumamuuza kuti kukana ndalama ya sopo n'kupusa. Wachinayi, mtsikana wofatsa wokhala kumbuyo m'kalasi, anapita kwa mphunzitsi wamkazi n'kukaulula zonse. Lero wojombayo anabwerera m'kalasi, koma woululayo anzake amamutcha kazitape ndipo pabuleki amakhala yekha.

Nkhaniyi inandikumbutsa Sara. Amene tinali kupulaimale cha m'ma 2000 tikumukumbuka mtsikana wa m'makatuni ameneyu ndi kapusi kake kochenjera, Zingo. Bungwe la UNICEF linayambitsa nkhani za Sara m'zaka za m'ma 1990 pofuna kuyankhula ndi ana a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, ndipo zinkatuluka m'mafilimu a makatuni, m'timabuku ta zithunzi komanso pawailesi. Mu gawo lotchedwa Sara Saves Her Friend, mnzake wa Sara, Amina, amagwa m'manja mwa madalaivala a mathiraki omwe ali ndi zolinga zoipa. Omwe amamupulumutsa si apolisi kapena akuluakulu a m'mudzi ayi, koma Sara ndi Zingo.

Ndili mwana ndinkangoseka zochita za kapusiko. Pano ndikuona kuti olemba nkhaniyi anagwira mfundo yomwe akuluakulufe timaiphonya. Mwana akayamba kusokonekera timathamangira kunena kuti nsomba ikaola imodzi zonse zaola, kenako timamuletsa kuyenda ndi anzake. Koma mwana wa zaka 15 sangakhale wopanda anzake. Zomwe amabisa kwa mayi ake amakauza mnzake popita kumjigo. Mphamvu yomweyo imene anzake amamukokera nayo ku Zalewa ndi imenenso ingamubweze, malingana ndi amene akumukokayo.

Tsiku lina m'phunziro la Life Skills ndinafotokozera ana nkhani ya Amina, koma ndinaimira pakati n'kufunsa kuti ndani akanachita ngati Sara. Manja anakwera ambiri. Kenako mnyamata wina anati: "Aphunzitsi, za m'katunizo n'zophweka. Kuno ukaulula, mawa ulibe woyenda naye." Kalasi yonse inangoti zii. Mwanayo ananena zoona. M'katuni vuto limatha filimu isanathe ndipo wolimba mtima amayamikiridwa. Kwathu kuno wolimba mtima amalipira mtengo, ndipo nthawi zambiri amalipira yekha.

N'chifukwa chake katuni payokha siingalere mwana. Masiku ano kuli makatuni ena abwino monga Ubongo Kids a ku Tanzania, omwe anayamba kuonetsedwa mu 2014, mmene Kibena, Kiduchu, Koba ndi anzawo amathetsa mavuto pogwirizana. Ngakhale makomo ambiri kuno alibe kanema, ana amaonerabe zinthu pafoni za achibale ndi m'nyumba zoonetsera mavidiyo pamsika. Funso ndi lakuti, akamaonera timakhala nawo? Kholo lingathe kukhala pansi ndi mwana n'kumufunsa kuti: mnzake weniweni m'nkhaniyi ndi uti? Nanga iwe ukanatani? Ukanauza ndani? Funso lomalizali ndilo lalikulu, chifukwa mwana amene sadziwa wamkulu woti angamudalire amangosunga chinsinsi mpaka zinthu zitaipa.

Malamulo tili nawo. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ndipo nambala yaulere ya 116 ilipo yoti ana adandaulirepo. Koma lamulo silidziwa kuti mwana wajomba Lachisanu. Amadziwa ndi mnzake wokhala naye desiki imodzi.

Choncho aphunzitsi anzanga, amayi a m'magulu oyang'anira atsikana m'sukulu komanso makolo, mwana akabwera kudzatitsina khutu tisamutchule dzina pamaso pa anzake. Timuteteze, timuyamikire, ndipo tiphunzitse kalasi yonse kuti kuulula mnzako akamalowera kuphompho si ukazitape. Makolo akale anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.

Sara anali ndi Zingo womuthandiza. Mtsikana wa m'kalasi mwanga uja alibe kapusi, ali ndi ife basi. Tikamusiya adzidyera yekha chinangwa chake pabuleki, anzake onse aphunzirapo kuti kukhala chete ndiko nzeru, ndipo Amina wotsatira sadzapeza womuzimira ndevu.