Kompyuta yakale ingasanduke bwanji yoonetsera mafilimu pabalaza popanda phokoso?

Pa 14 Okutobala 2025, kampani ya Microsoft idasiya kupereka chithandizo cha nthawi zonse ku pulogalamu ya Windows 10. Makompyuta ambiri omwe adapangidwa chaka cha 2018 chisanafike sangalandire Windows 11, chifukwa pulogalamuyi imafuna processor ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kapena yatsopano kuposa apo, komanso kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Motero makina omwe akadali ndi mphamvu akuchotsedwa m'maofesi ndi m'masukulu.

Ku Barking, kum'mawa kwa mzinda wa London, makina otere amatha kuthera kumalo olandirira zinyalala a pa Jenkins Lane kapena a pa Frizlands Lane ku Dagenham, omwe ali pansi pa bungwe la East London Waste Authority. Lipoti la mabungwe a United Nations lotchedwa Global E-waste Monitor lidapeza kuti mu 2022 dziko lapansi lidataya matani 62 miliyoni a zipangizo zamagetsi, ndipo gawo lomwe lidalembedwa kuti lidakonzedwanso moyenera silidafike kota.

Koma kompyuta yomwe yatopa ndi ntchito za muofesi ikhoza kukhala pansi pa wailesi yakanema n'kumaonetsa mafilimu, nyimbo ndi zithunzi za banja. Vuto lake lalikulu ndi phokoso. M'nyumba zosanjikizana monga za ku Barking Riverside, komwe nthawi zambiri pabalaza ndi pophikira ndi chipinda chimodzi, kulira kwa fani komwe sikumamveka muofesi masana kumasokoneza zokambirana za mufilimu usiku ana atagona.

Phokosolo limachokera kuti?

Pafupifupi magetsi onse omwe kompyuta imadya amasanduka kutentha, ndipo kutenthako kuyenera kutuluka m'bokosi. Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse: makina odya magetsi ochepa safuna mphepo yambiri, ndipo osafuna mphepo yambiri salira. Yemwe amayamba ndi kumata masiponji m'kati mwa bokosi amangotsekera kutentha, fani n'kumathamanga kuposa kale.

Fani yaing'ono ya mamilimita 60 kapena 80 imayenera kuzungulira mofulumira kuti ikankhe mpweya womwe fani ya mamilimita 120 imakankha ikuyenda pang'onopang'ono. Kuphatikiza apo, mawu a fani yaing'ono ndi osongoka, ndipo khutu la munthu limawatola msanga. N'chifukwa chake bokosi lakale, lomwe ena amalinyoza kuti ndi chimtolo, lili ndi mwayi woposa timabokosi tamakono: lili ndi malo okwanira fani yaikulu ndi chitsulo chachikulu choyamwa kutentha. Malata ake okhuthala sanjenjemeranso wamba.

Phokoso lina limachokera ku hard disk, yomwe mbale zake zimazungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi. Kuika SSD m'malo mwake kumathetseratu phokosolo, popeza m'kati mwake mulibe choyenda chilichonse. Nalo fumbi la zaka zambiri limatseka timipata ta chitsulo choziziritsira, ndipo phala lomwe amapaka pakati pa processor ndi chitsulocho limauma. Kupukuta ndi kupaka phala latsopano ndi ntchito ya mphindi zochepa, ndipo nthawi zina n'kokwanira.

Kusunga zam'kati kapena kuzisintha

Kuonetsa filimu si ntchito yolemetsa ngati processor ili ndi gawo lapadera lomasulira kanema. Intel idayamba kuika gawo lotere, lotchedwa Quick Sync, mu 2011. Komabe, mafilimu ambiri a 4K amasungidwa mu mtundu wa HEVC wa 10-bit, womwe ma processor a Intel adayamba kumasula mokwanira kuchokera pa m'badwo wachisanu ndi chiwiri. N'zodabwitsa ndithu kuti m'badwo womwe ukukanidwa ndi Windows 11 ndi womwewo woyenerera bwino ntchito ya pabalaza. Makina akale kuposa apo amakwanitsabe mafilimu a 1080p.

Wofuna kuchotsa zonse n'kusiya bokosi lokha ayambe wayeza. Muyeso wa ATX, womwe Intel idakhazikitsa mu 1995, ndi womwe umachititsa kuti motherboard ya lero ilowe m'bokosi la zaka 20 zapitazo. Ya microATX ndi masentimita 24.4 mbali zonse, pomwe ya Mini-ITX ndi masentimita 17. Msampha uli pa makina ambiri a muofesi, monga ena a Dell OptiPlex ndi HP EliteDesk, omwe satsatira muyesowu: mabowo a zomangira, mawaya a batani loyatsira ngakhalenso pulagi ya magetsi ndi zawozawo. Pa makina otere, chanzeru ndi kusunga motherboard yake n'kusintha disk ndi fani zokha.

M'bokosi lotsatira muyeso mungalowe motherboard yokhala ndi processor ya Intel N100 ya mu 2023, yomwe mlingo wa kutentha kwake ndi mawati 6 okha, moti ina imagulitsidwa yopanda fani.

Chipangizo chogawa magetsi, chomwe amachitcha power supply, sichiyenera kutsegulidwa. Chimasunga magetsi oopsa ngakhale pulagi itazulidwa. Ngati fani yake ikulira, chisinthidwe chonse.

Kusiyana kwa magetsi kumaonekera pa bilu. Makina odya mawati 60 akasiyidwa oyaka usana ndi usiku amatha mayuniti pafupifupi 525 pa chaka, pomwe odya mawati 10 amatha mayuniti 88. Masamu omwewa ndi ofunika kwa achibale a ku Lilongwe kapena ku Mzuzu omwe amadalira sola ndi batire magetsi a ESCOM akazima. Malawi ndi Britain amagwiritsa ntchito pulagi yofanana ya mano atatu ndi mphamvu ya mavoti 230, choncho kompyuta yokonzedwa ku Barking imayaka kumudzi popanda chosintha.

Pulogalamu ndi malire ake

Ambiri amasankha Kodi, pulogalamu yaulere yomwe idayambira pa makina a masewero a Xbox ndipo inkadziwika kuti XBMC mpaka mu 2014. Zilembo zake ndi zazikulu, zowerengeka munthu ali pampando. LibreELEC ndi mtundu wochepa wa Linux womwe ntchito yake ndi kuyendetsa Kodi basi, ndipo umathetsa nkhawa ya Windows yopanda chitetezo. Rimoti ya wamba ikhoza kugwira ntchito kudzera m'kachipangizo ka USB monga Flirc. Makina ambiri a muofesi ali ndi khomo la DisplayPort m'malo mwa HDMI, motero pamafunika waya wolumikiza ziwirizi.

Pali chomwe makinawa sachita bwino. Makampani monga Netflix amatchinga mafilimu awo ndi maloko oletsa kukopera, ndipo pa Linux salola chithunzi cha 4K. Banja lomwe limangoonera Netflix lingathandizidwe bwino ndi kachipangizo kotchipa kobaya kumbuyo kwa wailesi yakanema. Kompyuta yakale imapambana pomwe pali zosunga: ma DVD, nyimbo za kwaya, mavidiyo a ukwati ndi chinkhoswe otumizidwa kuchokera kumudzi.

Kodi payokha ndi yololedwa ndi malamulo, koma zoonjezera zotsegula mpira wolipira mwakuba si zololedwa, ndipo ku Britain anthu ena adamangidwapo chifukwa chogulitsa mabokosi okhala ndi zoterezi. Kuonera pulogalamu iliyonse pa nthawi yomwe ikuulutsidwa, kapena kugwiritsa ntchito BBC iPlayer, kumafuna laisensi ya wailesi yakanema ngakhale chipangizocho chikhale kompyuta. Mu Epulo 2025 mtengo wa laisensiyo udafika pa £174.50 pa chaka.

Kwa omwe sanatsegulepo kompyuta, bungwe la The Restart Project la ku London limathandiza kukonza misonkhano yomwe anthu odzipereka amaphunzitsa anzawo kukonza zipangizo zamagetsi. Wogula makina ogwiritsidwapo kale ntchito awapemphe ogulitsa kuti awayatse kaye, n'kutchera khutu pafupi ndi bokosi kwa mphindi zingapo atatenthera.