Wofuna kulowa usilikali ayambe wamva kwa omwe anapuma pa ntchitoyi

Achinyamata a ku Makokola ndi midzi ina ya m'mbali mwa nyanja m'boma la Mangochi amakula akuona asilikali a pamadzi a Malawi Defence Force omwe amakhala ku Monkey Bay. Nsomba zikamavuta, ena amalingalira zolowa usilikali.

Zofunika n'zodziwika: satifiketi ya MSCE ndi thupi lathanzi. Osankhidwa amaphunzira ku MAFCO m'boma la Salima. Kulowa sikulipiritsa, choncho wopempha ndalama kuti akulowetseni ndi kamberembere.

Koma chilengezo cha ntchito sichinena zonse. Msilikali amapita komwe watumidwa. Mu November 2018, asilikali 6 a dziko lino anaphedwa kufupi ndi Beni ku DRC pa ntchito yosungitsa mtendere, ndipo ena 3 anafera m'dziko lomwelo mu January 2025.

Izi n'zomwe mnyamata kapena mtsikana ayenera kufunsa asilikali opuma, makamaka omwe analondera njanji ya Nacala pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. Iwo akudziwa momwe banja limakhalira mwini wake akachoka miyezi yambiri, komanso momwe penshoni imayendera.