Kodi mumadziwa? Za kaliwo wa mchira wautali

Kodi mumadziwa kuti utali wa kaliwo uli ndi ntchito yake? Utsi ukachoka pa mutu, pomwe fodya akuyaka, umayenda ulendo wautali mumchira ndipo umafika m'kamwa utazizirako. Moto nawo umakhala kutali ndi maso ndi ndevu. N'chifukwa chake Ajeremani amamutcha Lesepfeife, kutanthauza kaliwo wowerengera, poti munthu amatha kuyang'ana m'buku utsi osamuphimba kumaso. Ku England dzina lake ndi churchwarden, lochokera ku udindo wa akuluakulu oyang'anira tchalitchi. Ambiri a masiku ano amatalika masentimita 25 mpaka 40.

Kodi mumadziwa kuti akaliwo oyamba a mtunduwu anali adothi? Dothi lake linali loyera, loumbidwa m'chikombole n'kuwotchedwa ngati mbiya. Tauni ya Gouda ku Netherlands idatchuka nawo kuyambira m'zaka za m'ma 1600, ndipo ku England mbiri inali pa Broseley, m'dera la Shropshire. Fakitale yomaliza ya ku Broseley idatsekedwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, kenako idasandutsidwa nyumba yosungiramo zakale. Dothi louma limamatirira pamlomo, choncho oumba ankapaka phula kunsonga kwa mchira. Akaliwowa sankachedwa kuthyoka, koma anali otsika mtengo, moti wina akathyoka ankangomutaya n'kugula wina.

Zidutswa zotayidwazo lero ndi chuma kwa akatswiri ofukula zakale. Mu 1954, J. C. Harrington adaonetsa kuti bowo la mumchira wa akaliwo a ku England linkacheperachepera pamene zaka zinkapita, kuyambira cha m'ma 1620 mpaka cha m'ma 1800. Ndiye ofukula akatola mulu wa zidutswa pa bwinja, amayeza mabowo aja n'kudziwa nthawi yomwe anthu ankakhala pamalopo. Ngakhale mafupa amaulula: zigaza za osuta akale zimapezeka ndi kampata kozungulira m'mano, pomwe dothi lidaperesa kwa zaka zambiri. Mfundo imeneyi imandigwira mtima kwambiri, kuti munthu wosauka yemwe dzina lake silidalembedwe paliponse adasiya mbiri yake m'kachidutswa kadothi.

Kodi mumadziwa kuti m'mayiko ena utali wa kaliwo unkanena za udindo wa mwini wake? Ku Korea, m'nthawi ya mafumu a Joseon, olemekezeka otchedwa yangban ankasuta akaliwo aatali kwambiri moti dzanja lawo silinkafika pa mutu, ndipo wantchito ndiye ankawayatsira. Anthu wamba ankasuta aafupi. Ku Turkey ya mafumu a Ottoman kunali chibouk, wa mutu wadothi ndi mchira wa mtengo wa cherry kapena jasmine wopitirira mita imodzi, ndipo nyumba za akuluakulu zinkakhala ndi antchito osamalira akaliwo okhaokha. Nzeru yake ndi yosavuta kumva. Kaliwo wotere sungalime naye, sungathamange naye. Womusuta akuuza anthu kuti iye ali ndi nthawi yokhala pansi.

Kufupi ndi kwathu kuno, pitani ku Eastern Cape ku South Africa. Pakati pa Axhosa kaliwo amatchedwa inqawe, amasemedwa kuchokera ku mtengo ndipo nthawi zambiri amakongoletsedwa ndi mikanda. Aafupi ndi a abambo. Aatali ndi a amayi, ndipo mayi akamakula ulemu wake m'mudzi, kaliwo wake amatalikiranso. Chifukwa china chomwe chimatchulidwa n'chakuti utsi ndi phulusa zikhale kutali ndi mwana wa m'manja. Kansonga ka pakamwa kamazulidwa, kotero anthu akamabwerekana kaliwo aliyense amalowetsapo kake.

Nanga ku Japan? Kumeneko kuli kiseru, wa mutu ndi nsonga zachitsulo, pakati pali nsungwi. Kamutu kake n'kakang'ono zedi, kukoka kawiri katatu fodya watha.

Kodi mumadziwa kuti mwala wofiira womwe mitundu ina ya eni nthaka a ku America imasemera akaliwo a miyambo umakumbidwa ku Pipestone, m'chigawo cha Minnesota? Malowo adayamba kutetezedwa ndi boma mu 1937, ndipo ololedwa kukumba ndi eni nthaka okha. Kwa iwo kaliwo ndi chiwiya cha mapemphero ndi mapangano, choncho si bwino kumuika m'gulu limodzi ndi akaliwo osuta pocheza.

Akaliwo ambiri a lero mutu wake ndi wa briar, chotupa cha pamizu ya chitsamba chomera m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean. Mtengowu ndi wolimba ndipo sugwira moto msanga. Tauni ya Saint-Claude ku France idayamba kuugwiritsa ntchito cha m'ma 1850. Palinso meerschaum, mwala woyera wopepuka wa ku Eskişehir ku Turkey, womwe umasanduka wachikasu kenako wofiirira ukamasutidwa. Mwalawu unkakumbidwanso pafupi ndi nyanja ya Amboseli, m'malire a Tanzania ndi Kenya, ndipo ku Arusha kunali fakitale ya akaliwo otchedwa Kiko, lomwe ndi dzina la kaliwo m'Chiswahili.

Kodi mumadziwa kuti odziwa kusankha kaliwo sayamba ndi kukongola? Amayamba ndi kulowetsa kawaya kaubweya kotsukira kuyambira kunsonga, aone ngati kakufika pa mutu osakodwa. Kakakodwa, ndiye kuti mabowo sadalunjikane ndipo utsi uzivuta kukoka. Amayesanso kulemera kwake, chifukwa kaliwo wamtali salumidwa ndi mano ngati wamfupi, amagwiridwa m'manja. Wadothi amagwiridwa pamchira, poti mutu umatentha kwambiri. Poika fodya, wapansi amangomuwaza, wapamwamba ndiye amamutsendera pang'ono. Akayatsa koyamba fodya amatukumuka, ndiye amamupondereza n'kuyatsanso, kenako n'kumakoka pang'onopang'ono. Wopupuluma amapsa lilime.

Vuto la mchira wautali ndi chinyezi. Utsi ukamazizira umasiya madzi m'njira, ndipo kaliwo amayamba kulira ngati mphika wa phala. Mankhwala ake ndi kutsuka nthawi iliyonse ukamaliza, ndi kawaya kakatali kofika mbali zonse, n'kumusiya aume tsiku lathunthu. Mchira suzulidwa kaliwo akadali wotentha, chifukwa polumikizira pamang'aluka.

Apa ndiyenera kunena mosapsatira: utsi wozizira ndi utsi ndithu. Mchira wautali suchotsa nikotini kapena phula la fodya, ndipo kusameza utsi sikuteteza mlomo, lilime ndi kukhosi. Mu 1795 dokotala wa ku Germany, Samuel Thomas von Sömmerring, adalemba kale za khansa ya pamlomo mwa osuta kaliwo. Ndimakonda luso la osema ndi oumba akaliwo, koma sindingauze munthu yemwe sasuta kuti ayambe, ndipo wosuta asachitire m'nyumba momwe muli ana.

Kodi mumadziwa kuti mafilimu adaukitsa kaliwo wamtali atatsala pang'ono kuiwalika? The Lord of the Rings itaonetsedwa pakati pa 2001 ndi 2003, anthu adaona Gandalf ndi anzake ali ndi akaliwo aatali, ndipo opanga akaliwo adayambanso kulandira maoda ambiri. Mlembi wa nkhaniyo, J. R. R. Tolkien, nayenso ankasuta kaliwo.

Ndipo kodi mumadziwa kuti fodya wina wa m'akaliwo a ku Ulaya amachokera m'minda ya ku Malawi? Dzikoli lili m'gulu la mayiko olima fodya wa bale wambiri padziko lonse, ndipo chikopa, fodya wofukizidwa ndi utsi wa nkhuni, amakondedwa ndi osakaniza fodya wa kaliwo chifukwa cha mphamvu ndi fungo lake. Makampani akale a ku Kendal, kumpoto kwa England, amaika tsamba la ku Malawi m'fodya wawo wopota ngati chingwe. Fodya wa m'belo lomwe lidagulitsidwa ku okushoni ya Kanengo kapena Limbe amatha kukathera m'kachitini ka magalamu 50 m'sitolo ya ku London, pamtengo woposa kutalitali womwe mlimi adalandira pa kilogalamu yathunthu.