ULENDO WA KUMUDZI NDI ZAKUDYA ZACE

Anthu ambiri a ku Cigawo ca Kum'maŵa amakhala kutali ndi kwao cifukwa ca nchito. Ena ali ku Lusaka, ena ali ku migodi ya ku Kitwe ndi Mufulira, ndipo ana ao anabadwira konko. Sukulu zikatsekedwa, makolo otere amatenga ana ao kunka nao kumudzi kuti akaone ambuye ao. Ulendo wace ngwautali, pakuti kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata pali makilomita oposa 500. Basi imaoloka mtsinje wa Luangwa pa ulalo umene unamangidwa m'caka ca 1968, nipitirira ku Nyimba kumene amagulitsa nthoci m'mbali mwa mseu, kenaka ku Petauke, Sinda ndi Katete. Munthu wanzeru sapita cimanjamanja. Amanyamula mcere, shuga, sopo, mafuta ophikira, ndi citenje ca ambuye.

Alendo akafika amaayalira mphasa, ndipo abale amadza mmodzimmodzi kudzapereka moni. Malonje akatha, ana a pamudzi amayamba kuthamangitsa nkhuku. Nkhukuyo amayamba aionetsa kwa mlendo ikali yamoyo, kuti adziŵe kuti sanamphikire nkhuku yodzifera. Ikapsa, amai amasamala kuti nthutumba ikhale m'mbale ya mlendo wamkulu. Nthutumba ikasoŵa, mlendo angaganize kuti ampatsa nyama yotsala kwa ena. Ana a m'tauni amene anazoloŵera nkhuku za m'sitolo amadabwa kuona nyama yolimba cotere, koma msuzi wace sufanana ndi wina uli wonse.

Nkhuku ndi ya tsiku loyamba lokha. Masiku otsatira mlendo amadya zimene eni mudzi amadya, ndipo apa ndi pamene amaona nchito imene iri m'mbale imodzi ya nsima. Amai amatapa cimanga m'nkhokwe, nacitonola, nacikonola mu mtondo kufikira gaga atacoka. Cimanga cokonola cimachedwa mphale. Mphaleyo amaiviika m'madzi masiku angapo, naitsuka, naiyanika pa mphasa, ndipo ikauma amaisinja kapena kunka nayo ku cigayo. Umenewu ndiwo ufa woyera, umene amalemekeza nao alendo. Koma ufa woyera uli ngati munthu wovala bwino amene alibe kanthu m'thumba: zambiri zomanga thupi zinapita ndi gaga uja kwa nkhumba. Mgaiwa, wogayidwa ndi gaga wace yemwe, suoneka bwino m'maso, koma ndiwo upatsa mphamvu koposa.

Ndiwo nazo ziri ndi luso lace. Dziko la Kum'maŵa nlochuka ndi nshawa, makamaka za mtundu wa Chalimbana zimene maso ace ngakuluakulu. Amai amazisinja nazisefa, ndipo nsinjiro zace amatendera nazo cibwabwa, citambe, kapena bonongwe. Pophika delele amathira cidulo. Cidulo amapanga potentha zitsononkho kapena makoko a nshawa, naika phulusa lace m'cibade cobooka, nathirapo madzi. Madzi amene amadontha pansi ndiwo amafeŵetsa masamba. Mwana amene akhala pafupi ndi mafuwa ambuye ace pophika amaphunzira izi m'tsiku limodzi, ndipo sadzaziiŵala.

Zimene mlendo apeza zimatsata nyengo imene wafikira. Wofika pa chuti ca Epulo ndiye wamwai, pakuti minda yaca. Pali cimanga caciŵisi cootcha, maungu, mbatata, nzimbe, ndi nshawa zaziŵisi zoŵiritsa, kotero kuti ana amaiŵala nsima ya masana. Kwa Angoni a Mpezeni zakudya zatsopanozi zimayamba ndi mwambo wa Ncwala, umene umacitika ku Mtenguleni kumapeto kwa Febuluwale, pamene mfumu imalaŵa zipatso zoyamba za m'munda.

Mu Ogasiti masamba aŵisi amacepa, koma amai ocenjera sada nkhaŵa, cifukwa anafutsa masamba m'dzinja naasunga m'zikwatu. Ndiwo zimenezi ndizo mfutso. Iyi ndiyonso nyengo ya mbeŵa. Anyamata amatenga makasu kunka ku minda imene yakololedwa, natsata mauna kufikira apeza pamene mbeŵa zagona. Akabwera nazo amazitumbula, naziŵiritsa ndi mcere, naziumika pa moto. Ana ena a m'tauni amaseka nanena kuti sangadye makoswe. Kumeneko nkusadziŵa cabe. Khoswe amakhala m'nyumba nadya zonyansa, ndipo palibe munthu amamudya. Mbeŵa imakhala kuthengo, nidya mbeu ndi mizu. Coipa pa nchito imeneyi ndi moto umene anyamata ena amayatsa posaka, umene umatentha udzu wofolera nyumba za mudzi wonse.

Pa chuti ca Disembala mvula yagwa, ndipo pali mango, boŵa ndi inswa. Koma nyengo imeneyi ifuna kuti mlendo akhale ndi maso. Cimanga ca m'nkhokwe cayamba kutsika, ndipo miyezi ya njala, Januwale ndi Febuluwale, iri pafupi. Eni nyumba sanganene kuti ufa wacepa, pakuti kutero nkwamanyazi. Amaphika nsima yaikulu mosekerera, ndipo alendo akacoka iwo amayamba kudya kamodzi pa tsiku. Akulu amati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka, koma mlendo wobwera ndi ana asanu nakhala mwezi wathunthu angathe kutsiriza nkhokwe ya nkhalamba. Cifukwa cace iye amene afika m'nyengo imeneyi acita bwino kudza ndi thumba la ufa, ndi kugwira khasu pamodzi ndi abale ace popalira.

Kadyedwe ka kumudzi kali ndi malamulo ace. Amuna ndi anyamata amadyera pamodzi, akazi ndi atsikana paokha. Wamkulu ndiye amayamba kusamba m'manja ndi kutema nsima, ndipo wamng'ono amasamba potsiriza. Mwana sasankha nthuli yaikulu, ndiponso sacoka pa mbale akulu asanathe kudya. Kukana cakudya nkunyoza amene waphika. Ngakhale munthu wakhuta, amatemako mbamu imodzi kapena ziŵiri, nati, "Zikomo ambuye, ndakhuta."

Madzulo onse amasonkhana pa moto, akukazinga nshawa ndi kumwa thobwa. Ambuye amayamba nthano za Kalulu ndi Fisi, ana nayankha kuti, "Tiri tonse." Pakati pa nthanozo amaauzanso za mtundu wao: amene anayamba mudziwo, kumene anacokera, ndi cibale ca nyumba iyi ndi iyo. Kwa Aceŵa mwana ndi wa kwa amace, cotero pamenepa ndi pamene amadziŵa amalume ace, amene adzamuimira pa mlandu ndi pa ukwati akadzakula.

Tsiku lobwerera likafika, nyumba iri yonse imapereka kanthu. Uyu adza ndi nsengwa ya nshawa, uyo cikwatu ca mfutso, wina ufa woyera kapena nyemba. Ambuye amaŵiritsa mbatata ndi mazira kuti zikhale kamba wa panjira, namanga miyendo ya tambala ndi luzi. Abale amasenza katundu yenseyo kuperekeza alendo ao kufikira ku mseu, nakhala nao pa mthunzi mpaka basi itafika.